Dikoni Amene Analavula Tiyi

Mphekesera inabwera ndi dalaivala wa lole yonyamula tiyi kupita ku Limbe, ndipo inatsika pa esiteti yathu mvula ya 2005 itangoyamba. Akuti azungu amene amagula tiyi wathu akubwera kudzajambula munthu mmodzi wothyola masamba, kuti nkhope yake ikakhale pa paketi m'masitolo a ku Mangalande. Zikanakhala zokhazo, tikanangoti aa, n'kupitiriza kuthyola. Chimene chinatentha malaini onse, kumene timagona antchitofe, ndi mchira wake. Akuti kumeneko kuli lamulo lakuti sungagulitse nkhope ya munthu mwini wake asanaione ndi maso ake, ndiye amene ajambulidweyo adzamutumizira tikiti ya ndege.

Ine ndinakhulupirira theka. Theka linalo ndinasunga kuti ndiziseka nalo anzanga. Koma theka lokhulupiriralo ndi limene linali ndi miyendo, chifukwa ndi lomwe linanditengera ku msika kukagula jekete.

Za jekete tifikako. Nkhani ino si yanga, ngakhale ndizigweramo ngati ntchentche mu mkaka. Ndi ya alamu anga, a Gideoni, amene anakwatira mlongo wanga Fainess.

A Gideoni anabadwira kwa Nsabwe. Agogo awo, ngati anga omwe, anaoloka Ruo kuchokera kwa Apwitikizi atasenza mphasa ndi mbewu ya kalongonda, n'kudzapeza mzungu atawasungira kale khasu. Choncho tiyi tinamupeza m'banja ngati mphuno. A Gideoni anayamba kuthyola ndevu zisanamere, ndipo sanasinthe ntchito mpaka imvi zinati mbuu. Munthu wamtali, wouma, wolankhula ngati mawu amachita kugula. Zala zawo zinada ndi utomoni wa masamba, ndipo chala cholozera cha kumanja chinapindika ngati mbedza kuyambira tsiku limene chikwanje chodulira tiyi chinawapsompsona. Manja awo ankayenda okha pamwamba pa tchire, masamba awiri ndi kansonga, masamba awiri ndi kansonga, n'kuponya m'dengu kumsana osacheuka. Mzere wanga unkakhala pafupi ndi wawo, koma dengu langa linkadzaza mochedwa, chifukwa ine ndinkathyola ndi dzanja limodzi, linalo n'kumafotokozera nkhani.

Chachikulu choti mudziwe n'chakuti a Gideoni ndi a Sabata, ndipo a Sabata enieni samwa tiyi. Amati amaononga thupi, lomwe ndi kachisi wa Mulungu. Ndiye taganizani: munthu wathyola tiyi moyo wake wonse, walera ana ndi tiyi, wafolera nyumba ndi tiyi, koma kukoma kwake sakudziwa. Ine ndinkawaputa tsiku ndi tsiku.

"Alamu, ngati ndi tchimo, bwanji mukuwathyolera anzanu?"

"Wosula mpeni si amene amabaya munthu."

"Nanga kungolawa? Kunsonga kwa lilime?"

"A Lackson, dengu lanu likulira njala. Thyolani."

Ku tchalitchi chawo, cha pa msewu wopita ku mishoni, anali dikoni. Iwo ndi amene ankatsegula chitseko, kuyala mabenchi, kuyendetsa mbale ya chopereka, ndi kukonza mabeseni pa tsiku losambitsana mapazi. Udindo umenewu ankaunyamula ngati dzira. Anali ndi suti imodzi yakuda, yongovala pa Sabata, ndipo masiku ena onse inkagona m'sutikesi ndi mankhwala a njenjete. Ine amene, mlamu wawo, sindinaloledwe kuikhudza ngakhale batani.

Sukulu ine ndinalekera Sitandade 4, pamene aphunzitsi anayamba kuika nambala ina pamwamba pa inzake. Koma za chuma cha dziko lapansi ndinaphunzirira pa sikelo. Matipate atabwera mu 1994, anatiuza kuti kwacha aimasula kuti iziyandama. Inayandamadi, ngati nkhwangwa. Pa wailesi ankati dziko lonse lapansi tsopano lasanduka mudzi umodzi, ndipo ine ndinaona kuti sakunama. Mvula ikagwa bwino ku Kenya, tiyi ankachuluka, mtengo ku okushoni ya ku Limbe unkatsika, ife kuno sopo n'kufupika. Ku Kenya kukauma, abwana athu ankayamba kutipatsa moni. Mpaka ndinayamba kupempherera chilala cha anthu amene sanandilakwire kanthu. Tiyi wabwino ankakwera sitima, ife n'kutsala ndi fumbi lake. Zovala zimene azungu atopa nazo zinkabwera m'mabelo n'kudzatipeza pa kaunjika. Ndiye mudzi umodziwo ulipodi, kungoti ife nyumba yathu ili kuseri, kumene amakhuthulira madzi otsukira mbale.

Atatha kunyamula tiyi, anayamba kunyamula anamwino. Janeth, mwana woyamba wa a Gideoni, anaphunzira unamwino ku mishoni ndi thukuta la madengu a bambo ake. Mu 2002 anakwera ndege, pamodzi ndi anzake angapo, kukasamalira nkhalamba za ku Mangalande, ife nkhalamba za kuno n'kutsala tikusisitana tokha misana. Kumeneko anakwatiwa ndi mnyamata wa kwa Chimaliro amene anakumana naye ku tchalitchi, ndipo anabereka mwana wamwamuna, Tayamika.

Mdzukulu ameneyu a Gideoni ankamudziwa pa chithunzi chimodzi ndi pa foni ya pa golosale, pamene Janeth ankaika foniyo pakamwa pa mwana kuti agogo amve kulira. Ankabwerako pa golosalepo maso ali gwa. Tsiku limene anamva za kubadwa kwake anabzala nthochi kuseri kwa nyumba, n'kunena kuti ndi ya Tayamika. Mkoko ukapsa, ankayang'ana kunjira ngati mwanayo atulukira. Osatulukira. Ndiye poti chakudya sichiyenera kuola m'nyumba ya Mkhristu, ine monga malume a mayi ake a mwanayo ndinkadzipereka kudya m'malo mwake.

Mphekesera ija itafika, a Gideoni anangopitiriza kuthyola. Ndinawafunsa pa sikelo kuti akuiona bwanji, iwo n'kungoti, "Zamkutu." Koma ine ndi alamu anga tadyera mbale imodzi nthawi yaitali. Ndinaona kuti sabata imeneyo ameta ndevu Lachitatu, chinthu chimene amachita Lachisanu lokha.

Tsopano jekete. Ndinalipeza pa kaunjika pa boma, belo atangolitsegula. Loyera ngati mkaka, la mapewa otukuka, la mabatani a golide. Nditalivala, wogulitsa anandiitana kuti "bwana". Ndinafika nalo kunyumba ndikuyenda ngati nthiwatiwa. Mkazi wanga Teleza anandizungulira, n'kugwira mabatani.

"Bambo, mabataniwa bwanji ali kumanzere?"

"Ndi mmene amasokera kunja. Inu munafikako?"

"Sindinafike, koma ili ndi jekete la mzimayi."

"Nsanje, mayi. Ndikakwera ndege mudzalira."

"Ndidzalira ndithu. Kulilira mzimayi amene mwamuvulayo."

Tsiku la alendo linafika, ndipo munda wa pafupi ndi fakitale sunaonepo zoterozo chiubzalireni. Anthu tinabwera ngati tikupita ku ukwati. Masuti, mataye, nsapato za gogoda m'matope. Mayi wina anavala diresi la ukwati lenilenilo, dengu lili kumsana. Mnyamata wina anabwera ndi chipewa chaubweya chotseka makutu, dzuwa likuswa mtengo. Kapitawo wathu, a Winston, amene ankadziwa Chingerezi cha ku fakitale, anagwira kumutu.

"Anthu inu, alendo akubwera kudzaona antchito, osati mameya! Pitani mukavule!"

Palibe anasuntha. Iwo omwe anali atavala taye yofiira.

A Gideoni anabwera monga mwa masiku onse: malaya ong'ambika paphewa, thumba la feteleza atalimanga m'chiuno kuteteza mame, chipewa cha mlaza. Suti yawo ndi ya Mulungu, sakanaipondetsa m'munda. Koma anachita chinthu chimodzi chachilendo. Iwo amene nthawi zonse ankasankha mzere wa kutali, kumene kulibe macheza, tsiku limenelo anaima pa mzere woyamba, m'mphepete mwa msewu.

Alendo anatsika m'galimoto: mzimayi wa tsitsi lalifupi, amene ankaoneka kuti ndiye mwini ulendo, ndi mnyamata wa kamera yaikulu ngati mwana wa mbuzi. Anatidutsa ife a masuti ngati akudutsa mitengo ya bulugamu. Mzimayiyo anandiyang'ana pang'ono, anayang'ananso jekete langa, n'kutseka pakamwa ndi dzanja. Ine ndinati wagoma. Kenako anaona a Gideoni, manja awo akuvina pamwamba pa masamba, ndipo anaima.

Anawajambula akuthyola. Anawajambula akuponya m'dengu. Ine ndinali nditasiya mzere wanga, n'kumasunthira pang'onopang'ono mpaka phewa langa loyera linakhudza phewa lawo long'ambika. Wa kamera ankandikupiza ndi dzanja ngati nkhuku, ine n'kubwerera pang'ono, iye akaika diso pa kamera ine n'kusunthanso. Ndinkati m'ndege mipando ndi yambiri.

Apo ndi pamene mzimayi uja anatulutsa fulasiki ndi kapu yoyera. Anathira tiyi, wofiira, wofuka nthunzi, n'kuwapatsa a Gideoni ndi manja awiri, akulankhula zinazake mokoma.

"Akuti uyu ndi tiyi wa m'munda uno, wachita kubwerera kuchokera kwawo," anatero a Winston, mawu akutsika. "Akuti mumwe, mukumwetulira. Chithunzi cha pa paketi ndi chimenecho."

Aliyense pamenepo ankadziwa kuti a Gideoni samwa tiyi. Panali azimayi atatu a tchalitchi chawo pa mzere wachiwiri, ndipo manja awo anaima m'malere. A Gideoni anayang'ana kapu. Anayang'ana azimayi aja. Anayang'ana kumwamba, kaya kwa Mulungu kaya kwa ndege, sindinafunse.

"Alamu," ndinanong'ona, "nthochi zija ine zandikwana."

Anakweza kapu. Poti munthu sanamwepo chinthu chotentha chotere pagulu, anafyontha mwaphokoso, fyuuu, n'kusunga tiyiyo m'masaya. Kamera inalira, kaphe kaphe kaphe. Masaya ali tumbu, maso ali psuu, akuyesa kumwetulira ndi mphuno. Wa kamera atangotsitsa chida chake, a Gideoni anatembenuka kuti alavule kumbali kumene kunalibe alendo.

Kumbali kumeneko kunali ine.

Tiyi yense anatera pa chifuwa cha jekete, kuyambira pa kolala mpaka pa batani lachitatu la golide. Ndinaima ngati chiwopsezo cha m'munda wa mapira. Anthu anafuna kuseka koma anaopa alendo. Ndiye mzimayi uja anayamba kuomba m'manja, akulankhula mwachangu.

"Akuti ndinu katswiri," anatero a Winston, akupukuta thukuta ndi taye. "Akuti mwalawa ngati mmene amalawira akadaulo a ku fakitale, kufyontha n'kulavula. Akufunsa kuti mwamumva bwanji tiyiyu."

A Gideoni anapukuta pakamwa. "Ngati mankhwala a malungo."

A Winston anatembenukira kwa mzimayi uja n'kunena m'Chingerezi kuti bambo akuti tiyiyu ndi wamphamvu ndipo amachiritsa. Mzimayiyo analemba m'kabuku kake, anagwira a Gideoni chanza, galimoto n'kunyamuka. Za ndege sanatchule. Tinagwirizana kuti zinthu zazikulu sazinenera m'munda.

Nkhani inafika ku tchalitchi dengu lisanafike pa sikelo. Lamlungu lotsatira akulu a mpingo anaitana a Gideoni. Fainess anabwera kwathu m'mawa, nkhope ili yolemera.

"Achimwene, inu munali pafupi. Mukachitire umboni."

"Ine? Anthu aja amandidziwa kuti ndimayenda ndi botolo m'thumba."

"Ndikudziwa. Koma mboni ina palibe imene inanyowa."

Teleza anali atanyika kale madzi kuti achape jekete. Ndinalilanda m'manja mwake, n'kulipinda bwinobwino, banga lili pamwamba.

Akulu aja anakhala pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa tchalitchi. Wotsogolera anali a Josiah, mkulu wa mpingo, mphunzitsi wopuma, munthu wa magalasi amene amakuyang'ana ngati walakwitsa samu. A Gideoni anakhala pa benchi okha, chipewa chili pa bondo.

"A Lackson," anatero a Josiah, "ngakhale si inu a nkhosa zathu, tikumvani. Koma zachidule."

"Akuluakulu, ine sindilankhula. Alankhula ndi uyu." Ndinatambasula jekete ngati mbendera. "Mukuti alamu anga anamwa tiyi. Tiyiyo ndi uyu apa. Ngati pali amene anamwa, ndi jeketeli. Lidulani mu mpingo."

Mkulu wina anatsokomola kuti abise kuseka. A Josiah anavula magalasi, anayang'anitsitsa banga, n'kuvalanso.

"Tidziwa bwanji kuti yense amene analowa m'kamwa anatuluka?"

"Tiyeze. Bweretsani madzi ndi chiguduli."

Sindinayembekeze kuti avomera, koma mphunzitsi ndi mphunzitsi. Anabweretsa madzi m'chikho ndi thumba lakale la ufa. Ndinadzaza m'kamwa, ndinatukula masaya monga anachitira alamu, n'kulavulira pa thumba. Akulu a mpingo anayi anawerama, mitu pamodzi, kufananiza banga la pa thumba ndi la pa jekete. Wina anati la pa jekete ndi lalikulu. Wina anati pakamwa pa a Lackson ndi potakata kuposa pa munthu wamba, ndiye muyeso si wachilungamo. Ndinapempha madzi ena. Mlandu unali kuyenda bwino kwabasi, ndipo ndinayamba kuganiza kuti ndikanapitiriza sukulu ndikanakhala loya.

Apo a Gideoni anaimirira.

"Akuluakulu, musavutike ndi masaka. Dontho linatsika. Ndinalimva likudutsa apa." Analoza pakhosi ndi chala chopindika chija.

"Alamu!" ndinakuwa. "Khalani pansi, tikuwina!"

"Ndipo ngakhale likanapanda kutsika, kapu ndinainyamula ndikudziwa, pamaso pa anthu amene ndimawayendetsera mbale. Ndinkafuna ndikanyamule mdzukulu wanga asanakule. Sindikuti n'chifukwa chabwino. Ndikungoti n'chimene chinali mumtima."

Anakhala pansi. A Josiah, amene nawonso mwana wawo wamwamuna anali ku Joni, anapukuta magalasi nthawi yaitali kuposa mmene fumbi linalili.

Chigamulo chinali chakuti a Gideoni apume pa udikoni mpaka nyengo yokolola itadutsa. Makiyi a tchalitchi anapereka pomwepo. Panjira ndinawakalipira kuti andiwonongera mlandu wanga woyamba. Sabata zotsatira ankavala suti yawo yakuda n'kukakhala benchi ya kumbuyo, mbale ikuyendetsedwa ndi wina. Fainess anandiuza kuti pa tsiku losambitsana mapazi anadzuka m'mamawa monga mwa chizolowezi, n'kuima pakhomo, manja alibe chogwira.

Poti mtengo unali utalipiridwa kale, tinayamba kudikira katundu. Ndinawaperekeza ku Blantyre kukapangitsa pasipoti, ine nditavala jekete lija, banga nditalibisa ndi nyuzipepala. Sutikesi anaipukuta n'kuiika pafupi ndi chitseko. Fainess anakazinga mtedza, unafwifwa, anakazinganso wina. Pa esiteti anthu anayamba kuwaitana kuti "a Mangalande". Galimoto yoyera iliyonse ikakhota pa geti, manja awo ankaima pamwamba pa tchire, kenako n'kuyambanso. Ndege ikadutsa, ine ndinkakuwa, "Alamu, yaphonya bwalo!" Poyamba ankandiyang'ana moipa. Pambuyo pake anasiya n'kuyang'ana komwe.

Kukolola kunadutsa, makiyi anawabwezera, ndipo anawalandira ndi manja awiri ngati mwana wakhanda. Koma sutikesi sanaichotse pafupi ndi chitseko.

Sindinganame kuti alendo aja anapita osasiya kanthu. Chaka chotsatira pa malaini anatikumbira mjigo, ndi chikwangwani cha Chingerezi chachikulu kuposa mjigowo. Ku sukulu anamanga buloko. A Winston anatifotokozera kuti amayi a ku Mangalande amaonjezera kenakake pa mtengo wa paketi chifukwa chotimvera chisoni. Ndinati chisoni chimenecho chipitirire, madzi ake ndi ozizira bwino. Chaka chomwecho abwana anabweretsa masizasi okhala ndi kabokosi, kuti munthu mmodzi azithyola za anthu awiri, poti ku Kenya anayamba kale ndipo ife tikapanda kutero titsalira. Ine ndinali woyamba kupumitsidwa, ndipo sindinadabwe. A Gideoni anatsala, koma ankadandaula kuti sizasi siona kansonga, imangometa.

Ndege sinabwere mu 2006. Sinabwere mu 2007. Pa foni ankachita manyazi kumufunsa Janeth mwachindunji, ankangoti, "Ukamapita ku sitolo uziyang'ana pa mashelefu a tiyi." Mwanayo, wa Sabata ngati bambo ake, anayamba kuima pa mashelefu a chinthu chimene samwa, n'kumatembenuza mapaketi mpaka alonda a m'sitolo anamudziwa.

Mu 2009, nyengo yozizira, minibasi inaima pa msewu wa kwa Nsabwe, n'kutsika mayi wonenepa bwino, atagwira dzanja kamnyamata ka nsapato zoyaka magetsi. Janeth anali atasunga yekha ndalama ya ulendo, kugwira mashifiti owirikiza, osauza munthu. Fainess analulutira mpaka mawu anatha. A Gideoni anali kuseri, akuchirikiza nthochi ija ndi mphanda. Anatuluka, anaima, chipewa chinagwa chokha.

Mwana anali atapitirira msinkhu wonyamula. Koma iwo anamunyamulabe, miyendo ikulendewera mpaka m'maondo, n'kumuzungulitsa nyumba yonse, mwanayo akufunsa mayi ake m'Chingerezi kuti bambo awa akundipititsa kuti. Anakamutsitsa pa nthochi. Mkoko unali utayamba kupsa, ndipo kwa nthawi yoyamba ine sindinaitanidwe. Ndinabwerabe.

Masana, titakhala pakhonde, a Josiah nawo atabwera kudzalonjera, Janeth anatsegula chikwama.

"Ababa, ndinaipeza."

Inali paketi yobiriwira. Tonse tinaunjikana. Panali phiri la tiyi, thambo la buluu, ndipo pakati pake manja awiri akuda atagwira kapu yoyera yofuka nthunzi. Chala cholozera cha kumanja chopindika ngati mbedza. Chithunzi chinathera m'khosi. Mutu panalibe.

"Awadula mutu!" anatero Fainess.

A Josiah anavala magalasi n'kuwerenga kumbuyo. Anati palembedwa kuti ndi tiyi wosakaniza wochokera m'mayiko angapo a mu Africa ndi India. Dzina la Thyolo analifunafuna mpaka pansi pa paketi, osalipeza. Kenako anayang'ananso chithunzi.

"Apa sipakuoneka kuti munthu akumwa," anatero pang'onopang'ono. "Wangonyamula."

"Ndinanena ine!" ndinatero.

Koma ine ndinali nditaona china. Kumapeto kwenikweni kwa chithunzi, kudzanja lamanja, kunali kachidutswa koyera ngati mkaka, ndi theka la batani la golide. Ndinalanda paketi.

"Taonani! Ndine uyu! Ndili ku Mangalande!"

Janeth anayang'ana, kenako anayang'ana jekete limene ndinali nditavala polemekeza alendo, banga lake litasanduka lachikasu. Anayamba kuseka mpaka anagwira chipupa.

"Amalume, jekete limeneli kumene ndimagwira ntchito amavala agogo aakazi popita ku tchalitchi."

Teleza anangondiyang'ana, ndipo mpaka lero akundiyang'anabe.

A Gideoni anatenga paketi ija, n'kuiyandikiza kumaso. Anatambasula dzanja lawo pambali pake, kufananiza chala ndi chala. Tayamika anali atatsamira pa bondo lawo, masaya odzaza nthochi.

"Janeth," anatero, "mwina poti nkhope anaichotsa, ndiye chifukwa chake tikiti sanatumize? Lamulo lija limati nkhope."

Ine ndinavomereza msanga, chifukwa theka langa lija linali lisanafe. Ndinati n'zomveka, manja okha sangakwere ndege.

Janeth anapukuta misozi ya kuseka. "Lamulo lake liti, ababa?"

Anamufotokozera. Anamvetsera mpaka pamapeto, n'kupukusa mutu. Anati wakhala kumeneko zaka zonsezi, waona nkhope za anthu pa mapaketi a khofi, a shuga, a mpunga, ndipo sanamvepo kuti mmodzi mwa iwo anatumiziridwa tikiti.

A Gideoni anagwedeza mutu. Anadzuka, analowa m'nyumba, ndipo tinamva akukoka sutikesi kuichotsa pa chitseko n'kuikankhira pansi pa bedi. Atatuluka anathyola nthochi ina, anaisenda, n'kumupatsa mdzukulu wawo.

Lamulo limenelo kulibe, ndipo silinakhaleko. Pa esiteti yathu palibe amene anatumiziridwa ndege.